Wogulitsa Mpweya ku Bogotá

Anabwera usiku ngati mbala,
koma sanabe kanthu, anangosiya utoto.
Kutacha ndinapeza msewu atauchekacheka
ngati nsalu ya telala wokwiya:
chigamba chofiira cha mabasi,
kamzere kobiriwira ka njinga,
ndi timizati ta pulasitiki tili ndandanda ngati mano a chipeso
pomwe magalimoto ankaima kudzandipempha mpweya.

Ndine Efraín Tibaduiza.
Ndamata matayala pano zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Zikhadabo zanga sizidziwanso kuyera.

Mnyamata wa ku khonsolo, wa nsapato zosadziwa matope,
anati, "Bambo, mzinda ufunika upumeko."
Ndinati, "Mwanawe, mpweya ndimagulitsa ndine.
Za kupuma usandiphunzitse."
Analemba kenakake m'kabuku kake.
Sindikhulupirira kuti anali mawu anga.

Mwezi woyamba kunabwera magalimoto atatu.
Wachitatuyo wapolisi anamulipitsa chindapusa
tayala lili m'manja mwanga.
Jeke wanga anayamba dzimbiri, nane ndinayamba kulankhula ndekha.

Mayi Hermelinda, amene ankagulitsa khofi wakuda
kudzera pa mawindo a matakisi,
anapirira mpaka mvula ya mu Epulo.
Basi siima kuti igule khofi.
Wanjinga alibe dzanja lachitatu.
Anamanga mafulasiki awo asanu ndi awiri m'thumba la ufa
n'kupita kwa mng'ono wawo ku Soacha.
Pamene ankakhala patsala bwalo la miyendo ya mpando
ndipo palibe wa ku khonsolo anabwera kudzaliyeza.

Ndiye Loweruka lina Yolima, mwana wa mlongo wanga,
amene amakolopa maofesi kumpoto kwa mzinda,
anandipeza ndikutukwana basi yofiira.
Anangoti, "Malume, basi imeneyo yandibwezera mphindi makumi anayi.
Kale ndinkachoka Ferney ali m'tulo,
ndinkabwera Ferney ali m'tulo,
ndinkalera bulangete.
Dzulo ndamupeza ali maso.
Ali ndi kampata m'mano, malume.
Sindinkadziwa."

Ndinasowa poyika mkwiyo wanga.
Ndinaulowetsa m'bokosi la masipanala,
umo ukadali.

Wanjinga woyamba anafika akukankha,
bokosi la zakudya za anthu ena kumsana,
iye mwini milomo ili gwa.
"Mumamatako ting'onoting'ono?"
Ine, amene ndagwetsapo matayala a malole a simenti!
Ndinafuna kumuthamangitsa.
Koma chubu ndi chubu:
ukachimiza m'beseni chimaulula bala lake
ndi thovu lomwe lija, kulira komwe kuja.
Ndinamata. Analipira ndi makobili ofunda ndi thukuta.
Mawa lake anabwera ndi anzake awiri.

Tsopano ndimadziwa masipoko, ndimadziwa tcheni chouma,
ndimadziwa namwino wa mabuleki olira ngati mwana wa mphaka,
ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene amapopetsa matayala osaphwa
pongofuna womuuza za bondo lake.
Musandinamize kuti zonse zili bwino.
Njinga khumi ndi ziwiri ndiye tayala limodzi la lole.
Ndawerengera, ndabwerezanso.
Lendi sinapakidwe utoto wobiriwira.

Komabe chifuwa chija chinkandidzutsa usiku chachepa,
ndipo m'mawa, mahutala asanadzuke,
ndimamva mabelu, ngiri ngiri, kutsika phiri,
mazana a miyendo ikupalasa chisanu,
atsikana a sukulu, amisiri ndi makwerero paphewa,
gogo wina wa chipewa cha ubweya amene sapatsa munthu njira.

Sindinakhululuke.
Lamlungu lililonse ndimamuthirabe mafuta jeke uja,
mwina tsiku lina lole idzasochera.
Khofi ndimadziphikira ndekha, ndipo sakoma.

Dzulo kamzati kamodzi kanagwa, takisi itakagunda.
Ndinayang'ana uku ndi uku,
ngati mbala,
n'kukadzutsa.